Kodi theka la kolorini linachokera kuti?

Pa tchati cha maelementi, chija chimapachikidwa pakhoma m'kalasi ya sayansi, yang'anani bokosi la nambala 17. Muli zilembo ziwiri, Cl, ndipo mmunsi mwake alembamo 35.5, kapena 35.45 ngati osindikiza anali anthu osamala kwambiri. Kumeneko ndi kulemera kwa atomu ya kolorini, pa muyezo womwe haidirojeni, wopepuka kuposa onse, amalemera pafupifupi 1. Tsopano onani anzake. Kaboni ali pa 12, nayitirojeni pa 14, okosijeni pa 16, sodiyamu pa 23. Manambala athunthu, kapena otsala pang'onong'ono kukhala athunthu. Nanga kolorini theka limeneli analitenga kuti?

Pa nkhani yonse ya atomu, funso limeneli ndi limene limandikoka mtima, ndipo zimandiwawa kuti ophunzira ambiri amangouzidwa kuti aloweze 35.5 basi. Mbiri ya atomu timakonda kuiphunzira ngati zithunzi zinayi zondondozana: kampira kolimba ka Dalton, kampira ka Thomson kokhala ndi maelekitironi omwazikana mkati, atomu ya Bohr yooneka ngati dzuwa ndi mapulaneti ake, kenako kamtambo ka Schrödinger. Mayina ndi zaka zake n'zoona. Koma zithunzizo zimabisa chimene chinkawakakamiza anthuwa kusintha maganizo, chomwe nthawi zambiri chinali nambala yamakani yotuluka pa sikelo, yokana kulowa pomwe akufuna kuiika. Theka la kolorini linazunguza anthu mitu kwa zaka zoposa 100.

Za Agiriki sindichedwapo. Democritus wa ku Abdera, zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti zinthu zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa tosagawika toyenda m'malo opanda kanthu. Anaganiza mwanzeru, koma analibe choyezera, ndipo Aristotle atamutsutsa, mfundoyo inagona kwa zaka pafupifupi 2,000.

Amene anaiika atomu pa sikelo ndi John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, yemwe anasindikiza mfundo zake mu 1808. Chitsanzo chosavuta cha zomwe anaona ndi ichi. Magalamu 12 a kaboni akayaka pamalo pomwe mpweya ndi wochepa, amagwirana ndi magalamu 16 a okosijeni n'kupanga mpweya wakupha uja wa carbon monoxide. Mpweya ukakhala wokwanira, magalamu 12 omwewo amatenga magalamu 32 a okosijeni n'kupanga carbon dioxide. Kuwirikiza kawiri ndendende, palibe cha pakati. Dalton anati zimenezi zingatheke pokhapokha ngati okosijeni amabwera m'tizidutswa tathunthu, kamodzi kapena tiwiri pa kachidutswa kalikonse ka kaboni. Anawonjezera kuti maatomu sagawika, komanso kuti maatomu onse a elementi imodzi ndi ofanana m'zonse, kulemera komwe. Mfundo ziwirizi pambuyo pake zinadzagwa, koma zinagwira ntchito yaikulu zisanagwe, chifukwa zinapatsa akatswiri chochita: kuyeza kulemera kwa atomu ya elementi iliyonse.

Manambala atayamba kutuluka, dokotala wina wa ku London, William Prout, anaona kanthu. Mu 1815 analemba nkhani, osatchulapo dzina lake, yonena kuti kulemera kwa maelementi kumaoneka ngati haidirojeni wowirikizidwa kangapo. Ngati okosijeni ndi 16 ndipo nayitirojeni ndi 14, mwina okosijeni ndi mahaidirojeni 16 omatana, nayitirojeni ndi mahaidirojeni 14. Chilengedwe chonse chomangidwa ndi kanthu kamodzi. Mfundo yokoma chonchi anthu sakanaisiya msanga, ndiye kolorini atatuluka ndi 35.5, ambiri anangoti vuto ndi oyeza, dikirani masikelo abwino, theka limeneli lisowa lokha. Ena mpaka anati mwina kachidutswa koyambirirako ndi theka la haidirojeni.

Munthu amene anatseka pakamwa onsewa ndi Jean Servais Stas wa ku Belgium, yemwenso poyamba anali kumbali ya Prout. Ntchito yake inali yofuna mtima wautali. Umatenga siliva woyeretsedwa mobwerezabwereza, umamuyeza, umamusungunula mu asidi, kenako umathiramo madzi okhala ndi kolorini pang'onopang'ono. Mumatuluka phulusa loyera la silver chloride lomwe limatsikira pansi, ndipo phulusali likaona kuwala limada, choncho sungagwire ntchitoyi pamalo owala. Kuchokera pa kuchuluka kwa siliva yemwe wagwirana ndi kolorini, umawerengera kulemera kwa kolorini. Stas anatha zaka akubwereza zoterezi, ndipo theka lija silinasunthe. Mu 1860 analengeza kuti mfundo ya Prout ndi maloto chabe. Ine ndimamulemekeza Stas kuposa anthu ena otchuka a m'nkhaniyi, chifukwa zomwe anapeza zinali zosemphana ndi zomwe ankafuna, koma anazilemba momwemo. Manambala ake anali olondola. Chimene sakanatha kudziwa n'choti sikelo yake inkayeza maatomu mabiliyoni osawerengeka nthawi imodzi, ndipo aliyense, kuyambira Dalton, ankangoganiza kuti onsewo ndi ofanana.

Panalinso chinthu china chosokoneza. Dmitri Mendeleev atandandalika maelementi mu 1869 motsatira kulemera kwawo, anaona kuti makhalidwe awo amabwerezabwereza, ndipo ofanana amagwera mumzere umodzi. Koma teluriyamu, wolemera pafupifupi 127.6, ndi ayodini, wolemera 126.9, anakana kumvera. Potengera kulemera, ayodini amayenera kutsogola. Potengera khalidwe, ayodini ndi m'bale wa kolorini ndipo amayenera kubwera pambuyo. Mendeleev anawasinthanitsa dala, n'kunena kuti oyeza teluriyamu analakwitsa. Malo omwe anawaikawo anali oyenera, koma oyezawo sanalakwitse.

Kuti zonsezi zimveke, atomu inayenera kutsegulidwa kaye. Mu 1897 ku Cambridge, J. J. Thomson anasonyeza kuti mkati mwa atomu muli tizidutswa ta chaji ya negetivu, maelekitironi, topepuka nthawi pafupifupi 1,800 kuposa atomu ya haidirojeni. Kusagawika kwa Dalton kunathera pomwepo. Thomson ankaganiza kuti chaji ya pozitivu yafalikira mu atomu yonse, maelekitironi n'kumakhala apa ndi apo mkati mwake.

Mu 1909 ku Manchester, Ernest Rutherford, wobadwira ku New Zealand, anali ndi anyamata awiri mu labotale yake: Hans Geiger wa ku Germany, ndi Ernest Marsden, wophunzira wa zaka 20 yemwe anali asanatenge n'komwe digiri. Ankalasa timapepala ta zitsulo topyapyala kwambiri, monga ta golide, ndi tizidutswa ta chaji ya pozitivu totchedwa alpha, totuluka m'zinthu ngati rediyamu. Ntchitoyi inali yowawitsa maso. Munthu ankalowa m'chipinda chamdima, n'kukhala kaye mpaka maso atazolowera, kenako n'kuika diso pa maikulosikopu yolozetsedwa pa kagalasi kopakidwa zinc sulphide. Kachidutswa kakamenya kagalasiko, pankangoti ng'ani kamodzi, ndipo iye ankawerenga kung'anima kumeneko kumodzikumodzi mpaka maso atatopa mnzake n'kulowapo. Tizidutswa tambiri tinkangoboola kapepalako ngati palibe kanthu, monga mmene aliyense ankayembekezera. Tsiku lina Rutherford anauza Marsden kuti ayese kuona ngati pali tina tobwerera mmbuyo. Marsden anakatipeza. Pa platinamu anawerengera kuti kamodzi mwa tizidutswa pafupifupi 8,000 kankabwerera.

Kamodzi pa 8,000 ndi nambala yoti munthu waulesi akanati ndi dothi la m'chipangizo. Rutherford pambuyo pake ananena kuti zinali ngati kuombera chipolopolo cha mzinga pa kapepala kofewa, chipolopolocho n'kubwerera kudzakumenya iwe. Anakhala nazo m'mutu pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mu 1911 anatulutsa yankho: chaji yonse ya pozitivu, pamodzi ndi kulemera pafupifupi konse kwa atomu, zaunjikana m'kachinthu kakang'onong'ono ka pakatikati, nyukiliyasi. Kuchepa kwake n'kovuta kukukhulupirira. Nyukiliyasi ya golide itakulitsidwa kufika sentimita imodzi, atomu yake ingatambalale mamita pafupifupi 200. Komabe kachinthu kameneko kamanyamula kulemera kopitirira 99.9 peresenti.

Kunjaku ndi kwa maelekitironi. Niels Bohr mu 1913 anati elekitironi imaloledwa kukhala pa milingo yakutiyakuti ya mphamvu, ndipo ikadumpha kuchoka pa mlingo wina kupita pa unzake imatulutsa kuwala kwa mtundu wodziwika. Masamu ake anagwirizana bwino ndi haidirojeni, koma pa maatomu akuluakulu anayamba kutsimphina, mpaka Erwin Schrödinger mu 1926 anabwera ndi masamu osonyeza madera omwe elekitironi ingapezeke m'malo mwa njira yozungulira. Chithunzi cha timipira tozungulira pakati chija chikadali pa zizindikiro za mabungwe ndi pa zikuto za mabuku chifukwa n'chosavuta kujambula, ngakhale akatswiri anachisiya kalekale. Chofunika pa nkhani yathu n'chakuti khalidwe la elementi, kuti igwirana ndi chiyani komanso motani, limalamulidwa ndi maelekitironi, ndipo chiwerengero cha maelekitironi chimalamulidwa ndi chaji ya nyukiliyasi. Kulemera kulibe mawu ambiri pamenepa.

Pa nthawi yomweyo, anthu ofufuza za radiyeshoni, mphamvu yomwe imatuluka maatomu ena akamasweka okha, anali atagwira njakata. Kuchokera pomwe Henri Becquerel anaona mphamvu yotuluka mu yureniyamu mu 1896, ndipo Marie ndi Pierre Curie anapeza poloniyamu ndi rediyamu mu 1898, zinthu zatsopano zinkangotulukira, chilichonse ndi liwiro lake la kusweka. Zinafika makumi angapo, pomwe mabokosi a pa tchati pakati pa mtovu ndi yureniyamu anali ochepa. Choipitsitsa, zina zinkakana kulekanitsidwa. Rutherford anapatsa mnyamata wa ku Hungary, George de Hevesy, mtovu wambiri wokhala ndi chinthu chomwe ankachitcha radium D, n'kumuuza kuti ngati alidi katswiri achichotsemo. Hevesy analimbana nazo pafupifupi zaka ziwiri, njira zonse za kemisitiri anaziyesa, koma zinakanika. Sizikanatheka, chifukwa radium D ndi mtovu womwewo, wongosiyana kulemera. Chomwe ndimachikonda pa Hevesy n'chakuti sanataye mtima. Anati ngati chinthuchi sichisiyana ndi mtovu, ndiye kulikonse komwe mtovu ukupita icho chikupita nawo, ndipo popeza chimatulutsa radiyeshoni, tingachitsatire ndi chipangizo. Pamenepo ndi pomwe panayambira njira yolondola mankhwala m'thupi la munthu kapena m'zomera pogwiritsa ntchito maatomu a radiyeshoni, yomwe inamupezetsa mphoto ya Nobel ya 1943.

Amene analimba mtima kunena poyera ndi Frederick Soddy, ali ku Glasgow mu 1913: bokosi limodzi la pa tchati likhoza kukhala ndi maatomu olemera mosiyana, koma ofanana khalidwe moti palibe asidi kapena moto womwe ungawalekanitse. Amene anamupatsa dzina la maatomu oterewa, loti isotopu, ndi dokotala wina wamkazi, Margaret Todd. Chaka chomwecho Henry Moseley, poyeza ma X-ray otuluka m'maelementi osiyanasiyana, anasonyeza kuti chimene chimakwera ndi 1 kuchoka pa bokosi lina kupita pa linzake ndi chaji ya nyukiliyasi. Teluriyamu ndi 52, ayodini ndi 53, mlandu wa Mendeleev uja n'kuthera pomwepo. Moseley anaonanso kuti pa 43, 61, 72 ndi 75 panali mipata ya maelementi omwe anali asanapezeke, ndipo onsewo anadzapezeka. Iye sanaone, chifukwa anaphedwa pa nkhondo ku Gallipoli mu 1915 ali ndi zaka 27.

Akatswiri a sikelo nawo anatsimikiza. Theodore Richards wa ku Harvard, wodziwika ndi kusamala ngati Stas, anayeza mtovu wochokera m'miyala ya yureniyamu mu 1914 n'kupeza kuti ndi wopepukirapo, wolowera ku 206, pomwe mtovu wamba ndi 207.2. Kwa munthu yemwe moyo wake wonse ankakhulupirira kuti elementi iliyonse ili ndi kulemera kumodzi, zimenezi sizinali zophweka kumeza.

Koma zonsezi zinali za zinthu za radiyeshoni, zachilendo kale. Nanga maelementi wamba? Francis Aston, yemwe anali wothandizira wa Thomson ku Cambridge, anabwerera ku labotale nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha ndipo mu 1919 anamaliza chipangizo chomwe chinkayeza maatomu mosawasakaniza. Ankawapatsa chaji, n'kuwathamangitsa kudutsa pa mphamvu ya magetsi ndi ya maginito. Opepuka ankakhota kwambiri, olemera pang'ono, ndipo gulu lililonse linkasiya kamzere kake pa galasi lojambulira zithunzi. Anayamba ndi neon, yemwe kulemera kwake ndi 20.2, ndipo panatuluka timizere tiwiri, pa 20 ndi pa 22. Kenako analowetsa kolorini. Pa 35.5 panalibe kalikonse. Panali kamzere kakuda bii pa 35 ndi kena kofookerapo pa 37.

Masamu ake mwana wa pulayimale angawachite. Pa maatomu anayi aliwonse a kolorini, atatu amalemera 35 ndipo imodzi imalemera 37. Phatikizani 35 katatu ndi 37 kamodzi, mupeza 142, gawani ndi 4, yankho ndi 35.5. Zili ngati akalembera akamati mabanja a dera lakuti amakhala ndi ana anayi ndi theka: mungayende khomo ndi khomo koma mwana wa theka simudzamupeza. Palibe atomu ya kolorini ngakhale imodzi yolemera 35.5. Ndipo popeza mitundu iwiriyi inasakanikirana bwino dziko lisanaumbike n'komwe, kolorini wa m'nyanja ndi wa m'migodi amapereka nambala yofanana kwambiri, n'chifukwa chake Stas ankapeza yomweyomweyo. Teluriyamu naye nkhani yake ndi yomweyi: maatomu ake ambiri ndi a 128 ndi 130, pomwe ayodini wachilengedwe ndi wa 127 yekha. Aston anapeza maisotopu oposa 200 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1922.

Chinatsala n'kudziwa chomwe chimawonjezera kulemera osawonjezera chaji. Rutherford anali atasonyeza kale kuti nyukiliyasi ya haidirojeni, pulotoni, imapezeka mkati mwa manyukiliyasi ena, ndipo mu 1920 ananeneratu kuti payenera kukhala kachidutswa kolemera ngati pulotoni koma kopanda chaji. Kopanda chaji n'kovuta kukagwira, chifukwa magetsi ndi maginito sizikakhotetsa. Kumayambiriro kwa 1932 ku Paris, Irène Joliot-Curie ndi mwamuna wake Frédéric anaona kuti mphamvu ina yotuluka mu beriliyamu ikamenya phula la parafini imatulutsa mapulotoni mwaliwiro, koma anaimasulira ngati gamma, kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso. James Chadwick ku Cambridge atawerenga, sanakhulupirire kuti kuwala kungakankhe chinthu cholemera chonchi. Anabwereza ntchitoyo, ndipo m'milungu yochepa analengeza nyutironi. Kuyambira pamenepo chithunzi chinalongosoka. Kolorini aliyense ali ndi mapulotoni 17, ndicho chimamupanga kukhala kolorini. Wa 35 ali ndi manyutironi 18, wa 37 ali ndi 20. Kaboni ali ndi mapulotoni 6: wa 12 ndiye wochuluka, wa 13 ndi pafupifupi 1 peresenti, ndipo wa 14, wokhala ndi manyutironi 8, sakhazikika, theka lake limasweka pa zaka 5,730 zilizonse, zomwe zimathandiza kudziwa zaka za mafupa ndi makala akalekale.

Ndiye Prout uja anali pafupi ndi choonadi kuposa mmene Stas ankaganizira, popeza pulotoni ndi nyutironi aliyense amalemera pafupifupi ngati haidirojeni mmodzi. Koma ngakhale manambala a Aston sanali athunthu ndendende, ndipo kotsalirako kanali ndi nkhani yakenso. Maatomu anayi a haidirojeni akaphatikizidwa amalemera pafupifupi 4.03, pomwe atomu imodzi ya heliyamu imalemera 4.003. Pakusowa pafupifupi 0.7 peresenti. Mu 1920 Arthur Eddington anatenga kusiyana kumeneku, n'kukuika pamodzi ndi mfundo ya Einstein yoti kulemera kukhoza kusanduka mphamvu, ndipo anati mwina ndicho chikuyatsa dzuwa. Analasa. Sekondi iliyonse dzuwa limasandutsa matani pafupifupi 600 miliyoni a haidirojeni kukhala heliyamu, ndipo matani oposa 4 miliyoni amasowa pa sikelo, n'kutuluka ngati kuwala ndi kutentha.

Nambala yamakani yomwe imandidabwitsa kwambiri inatuluka mu 1972. Yureniyamu wachilengedwe pafupifupi yense ndi wa 238, ndipo wa 235, yemwe amagawika mosavuta n'kutulutsa mphamvu, ndi 0.720 peresenti yokha. Nambala imeneyi imafanana pafupifupi kulikonse komwe yureniyamu amakumbidwa. Koma pa fakitale ya ku Pierrelatte ku France, oyeza anapeza 0.717. Kusiyana kwake n'kwa pa nambala yachitatu pambuyo pa kadontho, ndipo akanatha kungolemba 0.72 n'kuweruka. Popeza yureniyamu 235 amawerengeredwa mosamala chifukwa cha zida za nkhondo, anayamba kulondola komwe miyalayo inachokera, mpaka anakafika pa mgodi wa Oklo ku Gabon. Kumeneko anapeza miyala ina yomwe yureniyamu 235 wake anali atatsika kufika pa 0.44 peresenti, komanso maelementi ena okhala ndi maisotopu osakanikirana mwa njira yomwe imaoneka pokhapokha yureniyamu akagawika.

Wina anali atamuwotcha kale yureniyamuyo, ndipo winayo anali mwala womwewo. Yureniyamu 235 amatha msanga kuposa wa 238: theka lake limasweka pa zaka 704 miliyoni, pomwe la mnzakeyo limatenga zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Choncho zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo, wa 235 anali woposa 3 peresenti. Madzi apansi panthaka atalowa m'miyala yodzaza ndi yureniyamuyo, ankachepetsa liwiro la manyutironi otuluka yureniyamu akagawika, moti ankagwidwa mosavuta ndi manyukiliyasi ena, kugawikako n'kumapatsirana kokha. Malowo akatentha madzi ankawira n'kuchoka, moto n'kuzima. Akazizira madzi ankabwerera, n'kuyambiranso. Zinkachitika chonchi kwa zaka masauzande mazana angapo, kalekale Enrico Fermi ndi anzake asanayatse riyakitala yoyamba yopangidwa ndi anthu ku Chicago mu 1942. Katswiri wina, Paul Kuroda, anali atalemba mu 1956 kuti zoterezi zikanatheka, koma ndi ochepa omwe anamumvera.

Lero sizingachitikenso zokha, chifukwa 0.72 peresenti ndi yochepa kwambiri kuti madzi wamba aiyatse. N'chifukwa chake malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya amayamba awonjezera kaye yureniyamu 235 mpaka afike pakati pa 3 ndi 5 peresenti. Ntchito yowonjezerayo ndi yodula ndiponso yovuta pa chifukwa chomwe chinamugonjetsa Hevesy chija: palibe mankhwala wamba omwe angasiyanitse 235 ndi 238, ndiye amasandutsa yureniyamu kukhala mpweya n'kumauzungulitsa mwaliwiro m'makina ambirimbiri ondondozana, kuti wolemerayo azipita m'mphepete pang'onopang'ono.